Makina Ogayira Zakudya: Tigule Otani, Nanga Tikawagule Kuti?

Mwezi wa Ramadhan ukamayandikira, kapena nyengo ya maukwati ikafika, masitolo a ku Limbe, a ku Area 2 mumzinda wa Lilongwe ngakhalenso a pa Mangochi boma amadzaza ndi makatoni a makina ogayira zakudya. Pa katoni iliyonse pamakhala chithunzi cha mayi akumwetulira, pambali pake pali nyama yogayagaya, madzi a zipatso ndi kabichi woduladula bwino. Mayi amene wakhala akusinja adyo ndi jinja mu kamtondo, kudula anyezi wa samusa misozi ili chuchuchu uku dzuwa likupendeka, akaona chithunzi chimenechi mtima umauluka. Madzulo ake nkhani imafika kwa bambo: chaka chino tisavutikenso, tigule makina aja.

Pempho limeneli ndi lomveka, ndipo bambo wanzeru sangalikane msanga. Ntchito ya m'khitchini ndi yolemetsa, tsono chida chimene chingaipeputse ndi chofunika pakhomo monga momwe njinga ilili kwa munthu wolima munda wakutali. Komatu ndalama yake si yamasewera. Pafupifupi makina onsewa amachokera kunja, choncho pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake inakwera nthawi yomweyo. Banja likagula makina olakwika, ndalama imene ikanagula feteleza kapena kulipira fizi ya mwana yalowa m'madzi. Umboni wake uli m'makomo ambiri: pamwamba pa kabati pamakhala makina ofunditsidwa kansalu, ena jagi inasweka ndipo ina sinapezeke, ena mota inapsa sabata yachitatu, enanso ndi abwinobwino koma ntchito imene anawagulira sangathe kuigwira.

Dzina limodzi, makina atatu

Chisokonezo chimayambira pa dzina. Ambirife makina alionse ozungulira mpeni timangowatchula kuti blenda, ndipo ogulitsa ena nawonso sadziwa kusiyanitsa kwake. Koma alipo mitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi ntchito yake.

Blenda yeniyeni ndi ija ya jagi yaitali, yopapatiza kumunsi, yokhala ndi timipeni tating'ono tothamanga kwambiri. Imeneyi moyo wake ndi madzi. Ipatseni mango, mapapaya, tomato wa supu kapena phala la mwana, idzakusangalatsani. Mukaikamo zinthu zouma kapena nyama, timipeni timangokumba kamphanga pansi n'kumazungulira pachabe, zakudya zili phee pamwamba, mota n'kumatentha.

Amene amatchedwa food processor ndi ena. Awa ali ndi mbale yotakata, mpeni waukulu wopindika ngati chilembo cha S, ndi chivundikiro chokhala ndi khosi lolowetsera zakudya makina ali m'kati mozungulira. Amabweranso ndi timbale tachitsulo taphwatalala, tina todula zinthu mopyapyala, tina topala ngati chopalira kokonati. Sathamanga ngati blenda koma ali ndi mphamvu yokankha zinthu zolimba, ndipo safuna madzi. Nyama ya samusa, anyezi wambiri, kabichi ndi karoti wa saladi, mbatata yodula mopyapyala, kukanda ufa wa chapati kapena mandasi, zonsezi ndi ntchito yawo.

Mtundu wachitatu ndi mixer grinder, makina amene amapezeka pafupifupi m'khitchini iliyonse ku India, ndipo kuno amagulitsidwa kawirikawiri m'masitolo a amwenye. Amakhala ndi majagi atatu achitsulo chosachita dzimbiri: yaikulu ya zamadzimadzi, yapakati ya zouma, ndi kakang'ono kogayira adyo, jinja, tsabola ndi zonunkhiritsa za biriyani. Ambiri mphamvu yawo imakhala ya mawati 500 mpaka 750, ndipo kunsi kwake kumakhala kabatani kamene kamazimitsa mota ikalemedwa, m'malo moti ipse. Mota ikazizira mumangokadina, ntchito n'kupitirira.

Mbiri ya makinawa imatithandiza kumvetsa chifukwa chake amasiyana. Food processor anaipeka ndi Mfalansa wina, Pierre Verdun, amene ankagulitsa zipangizo m'malo odyera ndipo ankaona mmene ophika amatayira nthawi podula ndiwo. M'zaka za m'ma 1960 anapanga makina a Robot-Coupe a m'mahotela, mu 1971 kunatuluka a pakhomo otchedwa Magimix, ndipo mu 1973 Carl Sontheimer anawafikitsa ku America ndi dzina loti Cuisinart. Tsono makinawa anabadwira m'khitchini ya Azungu, momwe ntchito yaikulu ndi kudula, kupala ndi kukanda. Mixer grinder inabadwira m'khitchini ya Amwenye, momwe tsiku lililonse pamafunika kupera zouma: mpunga, nyemba zamitundumitundu, kokonati ndi zonunkhiritsa. Funso ndi lakuti, kodi khitchini yathu ikufanana ndi iti?

Yambani ndi mphika wanu, osati ndi katoni

Musanapite kusitolo, khalani pansi awirinu ndipo muwerenge zimene zimasinjidwa kapena kudulidwa pakhomo panu pa sabata. Musawerenge zimene mumalakalaka mutamaphika, koma zimene zimaphikidwadi.

M'makomo ambiri kuno kwathu chimene chimabwera koyamba ndi nsinjiro. Nkhwani wotendera, chisoso, futali, phala la ana, zonsezi zimafuna mtedza wosinja. Pamenepa mpofunika kudekha, pakuti mtedza uli ndi mafuta ochuluka. Mu mtondo, munsi umamenya n'kupuma, ndipo mayi amasefa n'kubwezeramo misere, choncho nsinjiro zimatuluka zoyoyoka bwino. Makina akazungulira osapuma, mtedza umatentha, mafuta amatuluka, ndipo m'malo mwa nsinjiro mumapeza phala lomata. Njira yake ndi kugwiritsa ntchito batani lolembedwa kuti Pulse kapena chilembo P, limene limazungulitsa mpeni pokhapokha chala chili pomwepo. Mumadina kamphindi, kusiya, kudinanso, kenaka kusefa monga mwa nthawi zonse. Makina opanda batani limeneli musagule, ngakhale atakongola chotani. Jagi yapakati ya mixer grinder imatulutsa nsinjiro zosalala kuposa food processor, chifukwa malo ndi ochepa ndipo mtedza suthawa mpeni.

Chiponde ndi nkhani ina. Apa mafuta aja ndi amene tikuwafuna, choncho mtedza wokazinga uyenera kuzungulira kwa mphindi zingapo kufikira utasungunuka. Food processor yamphamvu imachita bwino ntchito imeneyi, koma timakina totsika mtengo timene buku lake limati tizigwira ntchito mphindi imodzi n'kupuma, ndi pachiponde pomwepa pamene timafera. Ndipo pano ndinenepo mawu amodzi a zaumoyo: makina sachotsa chuku. Mtedza wowola kapena wankhungu umakhala ndi poizoni woononga chiwindi, amene satha ngakhale mutakazinga. Kale posinja mu mtondo mayi ankayamba wapeta ndi kusankha pa lichero. Kufulumira kwa makina kusatiiwalitse ntchito imeneyo.

Chimanga chouma musayese n'komwe. Palibe mwa makina atatuwa amene angalowe m'malo mwa chigayo. Njere za chimanga zimabunthitsa mpeni, zimakanda mbale ya pulasitiki mpaka kuchita mbuu, ndipo ufa wake sutuluka wosalala. Soya wokazinga wochepa, kapena usipa wouma wothira m'phala la mwana, mixer grinder imatha kupera; koma wa thumba lonse apite kuchigayo.

Nanga nyama? Apa ndiye food processor imaonetsa ukatswiri wake, ndipo kwa ife Asilamu pali phindu lina loonjezera. Nyama yogayagaya kale ya m'sitolo yosadziwika simungadziwe kuti mwalowa chiyani, kapena kuti makina amene anaigaya anagayanso nyama yanji m'mawa mwake. Mukagula nthuli yanu kubutchala ya halaal n'kukagaya nokha, mtima umakhala m'malo. Muidule timagawo tating'ono, muchotse mitsempha ndi mafupa, ikhale yozizira bwino, ndipo mugaye pang'onopang'ono ndi batani lija. Anyezi nayenso chimodzimodzi: mukamusiya azungulire nthawi yaitali amasanduka madzi, samusa n'kumaphulika m'mafuta.

Maganizo anga ndi awa. Banja wamba limene zofuna zake ndi nsinjiro, adyo ndi jinja, tomato, madzi a zipatso ndi phala la ana, ligule mixer grinder yabwino. Idzagwira ntchito tsiku lililonse. Food processor ndi ya mayi wochita geni ya samusa, wophikira anthu pa nikah ndi pa misonkhano, kapena wa banja lalikulu limene limadya chapati ndi saladi kawirikawiri. Amene akungofuna madzi a zipatso basi, blenda yamukwanira, asataye ndalama. Aliponso makina ophatikiza, mota imodzi yokhala ndi mbale ya food processor, jagi ya blenda ndi kachigayo kakang'ono. Ochokera ku makampani odziwika ndi abwino ndithu. Koma chenjerani ndi aja olonjeza ntchito 10 kapena 15 pa mtengo wozizira, pakuti zipangizo zambirizo zimangodzaza kabati, pamene mota yake ndi yofooka.

Bodza la mawati

Wogulitsa akafuna kukukopani amaloza nambala yaikulu ya pa katoni. Masiku ano m'misika mwadzaza mablenda olembedwa 4500W, ena mpaka 8000W. Tiyeni tiwerengere limodzi. Magetsi a m'nyumba kuno ku Malawi ndi a 230V, ndipo pulagi yathu ya mano atatu imakhala ndi fyuzi yosapitirira 13A. Mukachulukitsa 230 ndi 13 mupeza 2,990. Ndiye kuti chipangizo chilichonse cholumikiza pa soketi wamba sichingakoke mawati opitirira 3,000 kwa nthawi popanda fyuzi kupsa. Ketulo yowiritsira madzi, imene timaidziwa kuti imadya magetsi, imakoka mawati 2,000 kapena kuposerapo pang'ono. Tsono kablenda kopepuka, ka chingwe chowonda ngati cha wailesi, kangakoke bwanji 8,000? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kampani imene yayamba kukunamizani pa katoni, musayembekezere kuti yanena zoona pa za m'kati.

Makina abwino a pakhomo amakhala a mawati 500 mpaka 1,000 kapena kupitirira pang'ono. Ndiponso nambalayi imangonena magetsi amene makina akukoka, osati mphamvu imene ikufika pa mpeni. Chimene chimasiyanitsa kwambiri ndi mtundu wa mota. Makina ambiri ali ndi mota yopepuka, yaphokoso, yokhala ndi timakala tiwiri timene timakhudza chozungulira cha m'kati. Timakalati timatha pakapita zaka, koma mmisiri wa zamagetsi amatha kuikamo tina pa mtengo wochepa. Choncho makina otere akasiya kulira musathamangire kuwataya. Makina odula kwambiri ali ndi mota yolemera yopanda timakala, imene imalira motsitsa ndipo imakhalitsa, kotero kuti kampani ya Magimix imalonjeza mota yake kwa zaka 30. Ambirife sitingafikepo pamenepo, koma phunziro lake ndi lothandiza: nyamulani makinawo m'manja. Olemera, okhazikika pa tebulo, okhala ndi timiyendo ta labala, kawirikawiri ndiwo ali ndi mota yeniyeni.

Abambo ena amaopa kuti makinawa amaliza mayunitsi. Ayi ndithu. Makina a mawati 600 akamagwira ntchito mphindi 5 tsiku lililonse, pakutha pa mwezi amakhala atadya yuniti imodzi ndi theka basi. Amene mumadalira sola, dziwani kuti mota ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka kuposa amene alembedwa, choncho invata yaing'ono imatha kuzima. Funsani amene anakuikirani solayo musanagule.

Zoyang'ana muli m'sitolo

Musavomere kugula katoni yomata. Auzeni atsegule, ndipo alumikize kumagetsi muli pomwepo. Tembenuzani makinawo muone kachikwangwani ka kunsi: palembedwe 220 mpaka 240V ndi 50Hz, dzina la kampani ndi nambala ya mtundu wake. Dzinalo muliwerenge chilembo ndi chilembo, popeza akuba nzeru amatenga maina odziwika monga Kenwood, Philips, Bosch, Moulinex kapena Russell Hobbs n'kusintha chilembo chimodzi. Buku la malangizo likhalemo, pamodzi ndi khadi la waranti.

Food processor yabwino siyenera kulira ngati mbale ndi chivundikiro sizinatsekedwe bwino. Yesani zimenezi pamaso pa wogulitsa: chotsani chivundikiro, dinani batani. Ikalira, isiyeni pomwepo. M'nyumba zathu mumadzaza ana, athu ndi a anansi, ndipo mpeni wa makinawa ndi wakuthwa ngati lumo.

Pa kukula kwa mbale musanyengeke ndi malita olembedwa. Pakati pa mbale pali chibowo chodutsa mtengo wozungulitsa mpeni, choncho zamadzimadzi zikapitirira theka zimayamba kudontha. Banja la anthu 6 kapena 8 lisagule mbale yochepera malita 2. Jagi yagalasi sisunga fungo koma ikagwa yapita. Yapulasitiki ndi yopepuka koma imakandika ndipo fungo la adyo limakanirira, mwana n'kudzamwa madzi a mango onunkha biriyani. Yachitsulo ndiyo yopirira nkhanza za pakhomo.

Ndipo funso limene ogula ambiri safunsa ndi ili: jagi ikasweka, mpeni ukabuntha, ndikaipeza kuti ina? Pakati pa mota ndi jagi pamakhala kagiya ka labala kapena pulasitiki. Kameneka anakapanga dala kuti kazitha msanga, kuti zinthu zikalimba kazidyeka ndi iko m'malo mwa mota. N'kachinthu kotsika mtengo, koma kakasowa makina onse agona. Ngati wogulitsa alibe masipeyala ndipo sakudziwa kumene amapezeka, dziwani kuti mukugula makina a moyo waufupi. Ubwino wina wa mixer grinder ndi womwewu: timagiya, malabala a chivundikiro ndi mipeni ya makampani ambiri a ku India zimafanana.

Tikagule kuti?

Masitolo akuluakulu a m'mizinda, monga a pa Chichiri ku Blantyre ndi pa Gateway Mall ku Lilongwe, mitengo yawo imakhala yokwererapo ndipo sanenerera, koma amapereka lisiti ndi waranti yolembedwa, kawirikawiri ya chaka chimodzi. Funsani bwino kuti makina akaonongeka amakonzera kuti, ndipo zimatenga nthawi yaitali bwanji. Lisiti za masiku ano zimafufutika pakangopita miyezi yochepa, choncho ijambuleni pa foni kapena muichite fotokope tsiku lomwelo, n'kuisunga pamodzi ndi katoni.

Masitolo a zamagetsi a ku Limbe, a m'tauni yakale ya Lilongwe, a ku Zomba ndi ku Mzuzu ndiwo ali ndi mitundu yambiri, yabwino ndi yachabe yomwe pa shelefu imodzi. Kumeneku mutha kunenerera, ndipo mwini sitolo wokhazikika, amene wakhala pamalopo zaka zambiri, amasamala dzina lake. Yendani masitolo atatu kapena anayi sabata imodzi yomweyo, popeza mtengo wa mwezi watha si wa lero. Mawu a pakamwa akuti "mukavutika mudzabwere" asakukwanireni. Alembe pa lisiti miyezi ya waranti ndi nambala ya makinawo, adinde chidindo.

Mudzaona m'masitolo ena chikwangwani chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda, la Competition and Fair Trading Commission, lakhala likuchenjeza amalonda kuti mawu otere sachotsa ufulu wa wogula ngati katunduyo ali ndi vuto, ndipo limalandira madandaulo. Bungwe la Consumers Association of Malawi nalonso limayankhulira ogula. Kwa amalonda achisilamu nkhaniyi si yachilendo: malamulo a malonda m'Chisilamu amamulamula wogulitsa kuulula chilema cha katundu wake, ndipo amamupatsa wogula ufulu wobweza katundu amene wapezeka ndi chilema chimene chinabisika pogula. Koma kuti mudandaule kulikonse, poyambira pake ndi lisiti.

Mabanja ambiri a ku Mangochi, Machinga ndi Balaka ali ndi abale ku Joni, ndipo katundu wotere amabwera pa basi kapena ndi amatransipoti. Ku South Africa mitundu ndi yambiri ndipo magetsi awo ndi ofanana ndi athu, choncho makinawo amagwira bwino ntchito kuno. Chosiyana ndi pulagi, imene mano ake ndi obulungira. Musaikakamize pa soketi, ndipo musadalire timaadaputala togwedera timene timathetheka moto. Mmisiri adule n'kuikapo pulagi yathu ya mano atatu yokhala ndi fyuzi. Mukamawerengera mtengo muphatikizepo ndalama ya wonyamula ndi msonkho wa pachipata, ndipo mukumbukire kuti makina akafa waranti yake ili ku Johannesburg, inu muli ku Namwera. Muwauzenso abalewo atumize jagi kapena kagiya kapadera nthawi imodzi. Makina ochokera ku Britain ndiwo amafanana ndi athu pa zonse, magetsi ndi pulagi yomwe. A ku America ndi Canada ndi a 120V: mukangowalumikiza pa soketi yathu amapsa nthawi yomweyo, utsi kuti tolo. M'bale wa kumeneko akafuna kukupatsani mphatso, ndi bwino atumize ndalama.

Palinso malonda a pa Facebook ndi WhatsApp. Ena mwa ogulitsawo ndi anthu okhulupirika amene akungosowa sitolo, koma akuba nawonso ali momwemo, ndipo chithunzi chimene amaonetsa amachitenga pa intaneti. Lamulo lake ndi limodzi: musatumize ndalama pa foni katundu musanamuone ndi kumuyesa. Mukumane pamalo pamene pali anthu ndi soketi, ndipo mayi asapite yekha.

Za makina ogwiritsidwapo kale ntchito

M'misika ndi m'mashopu a katundu wa m'makontena mumapezeka makina akale ochokera ku Ulaya, ndipo kunena zoona, ena mwa iwo ndi olimba kuposa atsopano otsika mtengo. Kenwood yakale yosamalidwa bwino itha kukutumikirani zaka zambiri. Muiyese ndi chinthu chenicheni, monga karoti kapena mtedza wodzaza dzanja, osati yopanda kanthu. Mununkhize kumene kumatulukira mpweya wa mota. Fungo la waya wopsa likamveka, isiyeni. Muunike mbale padzuwa kuti muone ming'alu, makamaka pa timano totsekera chivundikiro, pakuti kamodzi kakathyoka makina salira. Mpeni muuyang'anitsitse pamene chitsulo chalumikizana ndi pulasitiki. Mu December 2016 kampani ya Cuisinart inaitanitsa mipeni pafupifupi 8 miliyoni ku America chifukwa inkang'aluka pa timisomali tolumikizira, tizidutswa tachitsulo n'kumagwera m'chakudya. Ngati zotere zinachitikira kampani yaikulu, mpeni wakale wa pamsika suyenera kugulidwa mwachimbulimbuli.

Funso limene amayi amafunsa kawirikawiri ndi la najisi: bwanji ngati mwini wake woyamba ankagayiramo nkhumba? Poyamba tidziwe kuti chinthu chimatengedwa kuti ndi choyera kufikira patapezeka umboni woti chadetsedwa, choncho kungoganizira chabe sikuchititsa makina kukhala oletsedwa. Kutsuka bwino ndi madzi ndi sopo n'kokwanira pamene simukudziwa kanthu. Koma ngati mwatsimikiza kuti munalowa nkhumba, madh-hab ya Imam Shafi'i, imene ambiri kuno timatsata, imati chiwiyacho chitsukidwe maulendo 7, ulendo umodzi ndi madzi osakaniza dothi loyera. A madh-hab ya Imam Abu Hanifa safuna dothi. Kwa iwo n'kutsuka kufikira najisiyo itachoka. Zotsukidwa ndi mbale, chivundikiro, mipeni ndi malabala, zonse zitamasulidwa. Mota simuiviika m'madzi, ndipo chakudya sichifikako. Vuto lenileni lili pa pulasitiki yokandikakandika ndi pansi pa mpeni pamene mafuta akale amabisala. Amene mtima wake sukhazikika ndi zimenezi, agule atsopano, kusiyana n'kumadya mokayika tsiku ndi tsiku.

Kalipiridwe

Masitolo ena amalola kutenga katundu n'kumalipira mwezi ndi mwezi, ndipo obwereketsa ndalama nawonso ali ponseponse. Muwerengetse ndalama yonse imene mudzakhale mutapereka pomaliza, ndipo mufunse ngati pali chiwongoladzanja kapena chilango chochulukitsa ngongole mukachedwa, pakuti imeneyo ndi riba. Blenda si chinthu choti munthu alowere katapila. Njira zoyera zilipo: kulipira pang'onopang'ono katundu ali m'sitolo pa mtengo umene mwagwirizana, kapena chipereganyu cha amayi, momwe aliyense amalandira ndalama yofanana ndi imene waponya.

Akafika pakhomo

Makina ambiri amafa ndi manja a eni ake. Musadzaze mpaka pakamwa. Ndi bwino kugaya kawiri. Mota ikayamba kulira molemedwa kapena kutentha, zimitsani ipume. Zinthu zowira musaike mu blenda, chifukwa nthunzi imakankha chivundikiro ndipo supu imakuthirani kumaso, dikirani zizizire. Malambe ndi bwemba muyambe mwaviika ndi kuchotsa njere. Mukatha ntchito tsukani nthawi yomweyo zisanaume, ndipo mpeni musausiye m'beseni la madzi a thovu momwe mwana wotsuka mbale angapisemo dzanja.

Magetsi akazima makina ali m'kati mogwira ntchito, zimitsani batani ndi kuzula pulagi. Pobwera, magetsi nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira, ndiponso makina osiyidwa otsegula amadzadzuka okha m'khitchini mulibe munthu wamkulu. Tonse tikukumbuka mmene zinalili mu 2022, pamene namondwe Ana anaononga damu la Kapichira mu January, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, magetsi n'kumazima maola ambiri pa tsiku. Amene anataya mtondo wawo chaka chimenecho anakabwereka kwa anansi. Mtondo ndi munsi zikhalebe pakhomo.

Kwa abale athu okhala kumene magetsi sanafike, amene ndiwo ochuluka m'dziko muno, zida zamanja zilipo ndipo si zonyozeka. Pali kambale kokhala ndi mipeni yozungulira mukakoka chingwe, kamene kamadula anyezi, tomato ndi tsabola m'kanthawi kochepa. Pali chopukusira nyama chachitsulo chomangirira pa tebulo, chimene chimabwera ndi manambala monga 10, 22 ndi 32 malinga ndi kukula kwake; nambala 10 ndi yokwanira pakhomo, pamene 22 ndi 32 ndi za geni. Chopukusira chimenechi chimagaya nyama ya samusa mofanana bwino kuposa food processor, chimatha kupera mtedza wokazinga mukaubwereza kangapo pa sefa ya timabowo tating'ono, ndipo mpeni wake ukabuntha amanola. Mukachitsuka muchiumitse padzuwa ndi kuchipaka timafuta tophikira pang'ono kuti chisachite dzimbiri.